Bishopu Sengulane ndi mfuti zomwe zinatsala nkhondo itatha

Kwathu kuno ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga, mukafunsa munthu kuti amapemphera kuti, ambiri amatchula Katolika kapena Reformada, ena mipingo ya chipentekoste yomwe yabuka masiku ano. Aanglikani alipo koma ndi owerengeka, moti wina amatha kumera imvi asanaonepo wansembe wawo. Komabe dzina la Dom Dinis Sengulane si lachilendo kwa munthu amene ankatsegula wayilesi m'zaka za nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo ndi pambuyo pake. Ena ankangomva kuti ndi bishopu, n'kumayesa kuti ndi wa Katolika. Iwowa anali bishopu wa Anglikani wa dayosizi ya Lebombo kuyambira 1976 mpaka 2014, zaka 38, ndipo ntchito yawo imatikhudza ife a ku Tete kuposa momwe timaganizira, pakuti chigawo chathu chili m'gulu la zigawo zomwe mfuti inazunza kwambiri.

Mpingo wa Anglikani unalowa mu Mozambique kudzera pa zipata ziwiri zotalikirana. Chipata choyamba ndi cha amishonale a bungwe la ku England la UMCA (Universities' Mission to Central Africa). Bishopu wawo woyamba, Charles Mackenzie, analowera pa Zambezi mu 1861 pamodzi ndi David Livingstone n'kukwera mtsinje wa Shire, koma malungo anamupha mu Januwale 1862. Patapita zaka amishonalewo anabweranso, ulendo uno n'kukhazika likulu pachilumba cha Likoma ndi mishoni yaikulu ku Messumba, kugombe la Niassa. Kumeneko ankapemphera ndi kuimba m'Chinyanja, chinenero chathu chomwechi. Chipata chachiwiri ndi cha kummwera, komwe dayosizi ya Lebombo inakhazikitsidwa mu 1893, bishopu wake woyamba ali William Edmund Smyth. Kumeneko mpingo unafala kwambiri ndi amuna obwera kumigodi ya Johannesburg, omwe ankabwerera kwawo ku Gaza ndi Inhambane atabatizidwa, buku la mapemphero lili m'sutikesi. Tete anatsala pakati pa zipata ziwirizi. Kuno kunali kutafika kale ansembe a Chijezwiti, monga a ku Lifidzi, ndi amishonale a Dutch amene anabala mpingo wa Reformada.

Boma la Apwitikizi silinkaikonda mipingo yosakhala ya Katolika. Pangano lomwe linachita ndi Vatican mu 1940 linapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa Katolika, ndipo mipingo ina inkaonedwa ngati zisa za anthu oukira boma. Mu 1972 apolisi achinsinsi a PIDE anamanga atsogoleri ambiri a mipingoyi. M'busa Zedequias Manganhela wa Presbyterian anafera m'ndende ya Machava chaka chomwecho, ndipo wansembe wa Anglikani Paulo Litumbe wa ku Niassa anazunzidwa m'manja mwa apolisi omwewo.

Umu ndi momwe munakulira a Sengulane. Anabadwa mu 1946 m'chigawo cha Inhambane, anakaphunzira zaubusa ku Salisbury ku England, ndipo anangotumikira pang'ono monga wansembe pomwe udindo waukulu unawagwera. Dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, bishopu wachipwitikizi Daniel de Pina Cabral anatula pansi udindo, ndipo mu 1976 mnyamata wa zaka 30 anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera Lebombo. Nthawiyo dayosiziyo inali dziko lonse, kuchokera ku Maputo mpaka ku Rovuma. Pofika mu 1980 m'pamene chigawo cha kumpoto chinakhala dayosizi payokha ya Niassa, bishopu wake ali a Litumbe aja. A Sengulane anaulandira mpingo uli wovulidwa. Mwezi umodzi ufulu utabwera, boma la Frelimo linali litalanda sukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo mu 1977 chipanicho chinalengeza kuti chikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin. Matchalitchi ena anatsekedwa. Munthu wopemphera ankaonedwa ngati wotsalira m'mbuyo.

Pamenepa ndi bwino tifotokoze ntchito ya bishopu wa Anglikani, chifukwa zomwe anachita pambuyo pake zinamera pa ntchito imeneyi. Bishopu wa Anglikani sasankhidwa ndi Papa. Amasankhidwa ndi msonkhano wa ansembe ndi akhristu wamba, ndipo amaloledwa kukhala pabanja. Arkibishopu wa ku Canterbury amalemekezedwa monga mkulu wa banja lonse, koma salamula dayosizi ya mwini wake. Ntchito ziwiri sizichitika popanda bishopu: kudzoza ansembe ndi kulimbitsa akhristu. Tsiku la kulimbitsa, amayi a Mothers' Union amakamuchingamira kunsewu ndi nyimbo, atavala yunifolomu. M'tchalitchi ana ndi akulu amene aphunzira kalasi amagwada pamzere, ndipo bishopu, atavala chisoti chake chosongoka, ndodo yokhota ili pambali, amasanjika manja pamutu pa aliyense payekhapayekha, kutchula dzina lake. Manja satumizidwa pakalata. Ngati akhristu ali kuseri kwa phiri, bishopu ayenera kukafika kuseri kwa phiriko. Choncho nkhondo itavuta, a Sengulane ankayenda m'misewu yomwe ena ankaiopa, kugona m'midzi yotenthedwa, kuika maliro. Nkhondo sanaimve pa malipoti.

Panalinso chinthu china chachilendo. Lebombo inali mbali ya chigawo cha Anglikani cha kummwera kwa Africa, chomwe arkibishopu wake amakhala ku Cape Town. Kuyambira 1986 arkibishopuyo anali Desmond Tutu. Ndiye kuti a Sengulane ankakhala pamsonkhano umodzi ndi mabishopu a dziko lomwe boma lake latsankho linkapereka zida kwa Renamo, ndipo ankawauza maso ndi maso zomwe zidazo zinkachita.

Ife a ku Tete sitifuna wotifotokozera zomwe zinkachitika. Bala la Wiriyamu, komwe asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazanamazana pa 16 Disembala 1972, linali lisanapole pomwe nkhondo yachiwiri inafika. Pa 30 Okutobala 1985 anthu a mfuti anatenga ansembe awiri a Chijezwiti, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, n'kukawapha ku Chapotera. Mu 1986 nkhondo inakula mu Tete ndi Zambézia, midzi yathunthu n'kuwolokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza ndi ku Nsanje, mpaka othawa kwawo m'Malawi anapitirira miliyoni imodzi. Pamsewu wa Dedza kupita ku Ntcheu, womwe ndi malire, mbali ina kunali misasa yothithikana, mbali yathu mashopu opanda madenga. Nsanja za magetsi a Cahora Bassa zinagwetsedwa. Magalimoto ochokera ku Zimbabwe kupita ku Zóbuè ankayenda pa koluna, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Kwawo kwa bishopu nakonso sikunapulumuke: mu Julaye 1987 anthu oposa 400 anaphedwa ku Homoíne tsiku limodzi.

Lero n'zosavuta kunena kuti nkhondo inayenera kutha pokambirana. Nthawi imeneyo mawu amenewa anali oika munthu m'mavuto. Boma silinkaitchula Renamo dzina, linkangoti zigawenga za mfuti, ndipo wonena kuti mukhale nazo pansi ankaoneka ngati wazigwirizana nazo. Mabishopu a Katolika analemba makalata opempha zokambirana ndipo ananyozedwa nawo. Bungwe la mipingo ya Chipulotesitanti, Conselho Cristão de Moçambique, linakhazikitsa komiti ya mtendere ndi chiyanjano mu 1984, a Sengulane ali m'gulu la oitsogolera. Njira yawo inali yosiyana pang'ono: sankakonda kulalatira boma pagulu, ankapita kukagogoda pakhomo mobwerezabwereza, poyamba kwa Samora Machel, kenako kwa Joaquim Chissano. Ena ankawaona ngati ofatsa mopitirira muyeso. Ine ndimaona kuti kufatsako n'komwe kunachititsa kuti khomo lisatsekedwe, ndipo mpingo waung'ono wopanda mbiri yodyera limodzi ndi atsamunda unali ndi mwayi womwe mpingo waukulu unalibe.

Chissano atalola mwakachetechete kuti atsogoleri a mipingo akafufuze maganizo a Renamo, anthu anayi anayamba maulendo a ku Nairobi: Kadinala Alexandre dos Santos wa ku Maputo, Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira, M'busa Jeremias Mucache ndi a Sengulane. Mu Ogasiti 1989 anakumana ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, mwini wake. Anapita ndi mfundo 12 za boma, anabwerako ndi mfundo 16 za Renamo. Mapepala awiriwo sankagwirizana, koma kanali koyamba kuti mbali ziwirizi ziyankhane. Daniel arap Moi ndi Robert Mugabe anayesa kukhala amkhalapakati, msonkhano womwe unakonzedwa ku Blantyre mu 1990 unalephereka, ndipo mu Julaye chaka chomwecho zokambirana zinayamba ku Rome, kunyumba ya gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Amkhalapakati a kumeneko anali Andrea Riccardi, Matteo Zuppi, Mario Raffaelli ndi Arkibishopu Gonçalves. A Sengulane sanali m'gulu la anayiwa, ndipo sitiwawonjezera ulemu powapatsa mpando womwe sanakhalepo. Pangano linasainidwa pa 4 Okutobala 1992.

Ntchito yomwe ili yawoyawo inayamba pamenepa. Zokambirana zili mkati, mipingo inkayenda m'zigawo kukonzekeretsa anthu za mtendere, kuwafunsa chomwe chingausokoneze. Bishopuyo amafotokoza kuti pa umodzi mwa misonkhanoyi mayi wina anafunsa za mfuti: nanga zonse zili m'manja mwa anthuzi zidzapita kuti? Funsoli linali pamalo pake. Asilikali a United Nations omwe anabwera kudzayang'anira mtendere anasonkhanitsa zida zambiri, koma anachoka chisankho cha 1994 chitangotha, zambiri zisanaphwanyidwe. Mbali zonse ziwiri zinabisa nkhokwe za zida poopa kuti mnzake angatembenuke. Kuwonjezera apo, m'zaka za nkhondo boma linagawa mfuti kwa anthu wamba oteteza midzi ndi mafakitale popanda kaundula wodalirika. Palibe amene ankadziwa kuti AK-47 zilipo zingati m'dziko.

Tiganizire msilikali wotsitsidwa usilikali amene wabwerera kumudzi. Anatengedwa ali mwana, sukulu sanaphunzire, kulima anaiwala. Chomwe ali nacho chamtengo ndi mfuti. Waipaka mafuta, waikulunga m'chiguduli ndi pulasitiki, waikwirira pansi pa nkhokwe kapena waisomeka m'denga la udzu. Kuipereka kupolisi akuopa, chifukwa akamufunsa kuti anaitenga kuti ndipo anachita nayo chiyani. Kuigulitsa n'kotheka, ndipo zambiri zinagulitsidwadi, n'kukatulukira m'manja mwa mbava ku South Africa ndi ku Malawi. Munthu wotereyu ulaliki wokha sumukwanira. Amafuna womulandira mfutiyo amene sangamupereke, ndiponso china choti agwire m'manja mfutiyo ikachoka.

Mu 1995 bungwe la mipingo lija linayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, mwachidule TAE, kusandutsa zida kukhala makasu. Maziko ake anali mawu a mneneri Yesaya, mutu 2 ndime 4, onena za anthu amene adzasula malupanga awo kukhala zolimira. Dongosolo lake linali losavuta kulimva. Wobweretsa mfuti safunsidwa dzina kapena mbiri. Salandira ndalama, chifukwa ndalama ikanasandutsa ntchitoyi msika wa zida ndipo wina akanatha kukagula nayo mfuti ina. Amalandira khasu, njinga, makina osokera, malata, simenti, malinga ndi zomwe wabweretsa. Mudzi ukaulula nkhokwe yaikulu ya zida umalandira chinthu chothandiza onse, ndipo kwina anthu analandira thirakitala. Mfutiyo imadulidwa ndi makina, kawirikawiri pamaso pa anthu, kuti wopereka aone yekha kuti sikupita kwa mdani wake wakale kapena kwa wapolisi woti akaigulitse. Kudula pamaso pa anthuku ndi komwe kunali mtima wa ntchito yonse. Bishopuyo ankakonda kuuza anthu kuti kugona ndi mfuti m'chipinda kuli ngati kugona ndi njoka, tsiku lina idzakutembenukira n'kukuluma. Ankapemphanso ana kuti abweretse mfuti zawo zoseweretsa kuti ziphwanyidwe, ndipo pachifuwa pawo ankavala mtanda wopangidwa ndi zidutswa za mfuti.

Chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi chakuti TAE inasonkhanitsa zida zoposa 600,000. Tiyenera kuchimva bwino, pakuti ofufuza ena anaonetsa kuti m'chiwerengero chotere mumalowa zipolopolo ndi mabomba, si mfuti zokhazokha. Nkhokwe zikuluzikulu za kutchire zambiri zinaphwanyidwa ndi ntchito ina, ya apolisi a Mozambique ndi South Africa, yotchedwa Operation Rachel, yomwe inayambanso mu 1995. Izi sizichepetsa TAE. Apolisi ankatha kuphulitsa nkhokwe ya m'nkhalango, koma mfuti ya pansi pa mphasa sakanaifikira. Imeneyo inkatuluka pokhapokha mwini wake, kapena mkazi wake wotopa ndi mantha, atakhulupirira munthu wa mpingo.

Zidutswa za mfuti zodulidwazo zinapatsidwa kwa amisiri a Núcleo de Arte ku Maputo, omwe anaziwotcherera n'kupanga mbalame, ng'ona, anthu oimba ndi mipando. Mpando umodzi, wopangidwa ndi Cristóvão Canhavato wodziwika kuti Kester, unagulidwa ndi British Museum ku London mu 2002. Mu 2005 nyumba yomweyo inaonetsa mtengo wachitsulo wotalika mamita oposa atatu, ntchito ya Kester, Hilário Nhatugueja, Fiel dos Santos ndi Adelino Serafim Maté. Alendo akaona mpandowo amawerenga pa zitsulo zake maiko omwe mfutizo zinachokera, ndipo palibe imodzi yopangidwa mu Africa. Chimandiwawa n'chakuti mwana wa ku Ulongwe kapena ku Furancungo, amene agogo ake anathawa mfuti zomwezo, alibe poti angakaone zinthu zotere pafupi. Iye mfuti ndi khasu amaziona zitapingasana pa mbendera ya dziko, pamwamba pa buku, m'mawa uliwonse pasukulu.

Sikuti moyo wonse wa a Sengulane unali wa mfuti. Anayang'aniranso Aanglikani a ku Angola mpaka dziko limenelo linapeza bishopu wakewake, André Soares, mu 2003. Analimbana ndi malungo pamodzi ndi mashehe ndi abusa a mipingo ina m'bungwe la PIRCOM, kuti uthenga wa masikito uzimveka paguwa ndi mumzikiti. Mpingo womwe anausiya m'manja mwa Bishopu Carlos Matsinhe mu 2014 unali utakula moti pa 24 Seputembala 2021 unakhala chigawo choima pachokha, Igreja Anglicana de Moçambique e Angola, ndipo mwa madayosizi atsopano muli ya Tete.

Koma pali malire omwe TAE sinathe kuwadumpha, ndipo amene analipira ndi ife. Mfuti za anthu wamba zinkabwera. Mfuti za andale sizinabwere. Pangano la ku Rome linalola Renamo kusunga alonda a atsogoleri ake kwa kanthawi, ndipo kanthawiko kanasanduka zaka makumi awiri. Mu Okutobala 2012 Dhlakama anabwerera kutchire ku Satunjira, m'phiri la Gorongosa. Mu Epulo 2013 kunamveka mfuti ku Muxúnguè, ndipo koluna inayambiranso pamsewu waukulu. A Sengulane, ali pafupi kupuma pantchito, anaitanidwanso. Pamodzi ndi Lourenço do Rosário, Bambo Filipe Couto, M'busa Anastácio Chembeze ndi Shehe Saíde Habibe, anakhala pakati pa boma ndi Renamo kwa miyezi yambiri, mpaka Armando Guebuza ndi Dhlakama anasaina pangano loleka kumenyana pa 5 Seputembala 2014.

Silinakhalitse. Chisankho cha Okutobala 2014 chitatha, Dhlakama anati alamulira zigawo zisanu ndi chimodzi zomwe ankati anapambana, Tete ali momwemo. Mu Okutobala 2015 amkhalapakati anamuperekeza kuchoka kutchire kupita kunyumba kwake ku Beira, m'mawa mwake apolisi n'kuzinga nyumbayo ndi kulanda zida za alonda ake. Kuyambira pamenepo Renamo inasiya kuwakhulupirira amkhalapakati a m'dziko muno, n'kuyamba kufuna akunja. Ena mpaka lero amati bishopu ndi anzake anagwiritsidwa ntchito. Ine sindiona chifukwa chokayikira mtima wawo, koma nkhaniyi imaonetsa kuti mkhalapakati alibe chuma china kupatula chikhulupiriro cha mbali zonse ziwiri, ndipo amene ali ndi mfuti angathe kumuwonongera chumacho m'mawa umodzi.

Pomwe izi zinkachitika, midzi ya m'boma la Moatize ndi Tsangano inali ikuyaka. Kumapeto kwa 2015 ndi kumayambiriro kwa 2016 anthu oposa 10,000 anawolokera ku Kapise m'boma la Mwanza, ambiri akunena kuti akuthawa asilikali a boma omwe ankawatenthera nyumba ndi nkhokwe powaganizira kuti akudyetsa a Renamo. Boma linakana. Kenako anasamutsidwira ku Luwani, msasa womwewo womwe unasungapo othawa nkhondo yoyamba ija. Ena mwa amayi amene anafika kumeneko ndi ana kumsana anali atabadwira m'misasa ya m'Malawi iwo eni.

Kumenyanako kunaima mu Disembala 2016 Filipe Nyusi ndi Dhlakama atalankhulana pa foni. Dhlakama anamwalira pa 3 Meyi 2018, ndipo pa 6 Ogasiti 2019 Nyusi ndi Ossufo Momade, amene analowa m'malo mwa Dhlakama, anasaina pangano lina ku Maputo. Ulendo uno nkhani yotula zida inalembedwa mwatsatanetsatane, msasa ndi msasa, munthu ndi munthu, ndipo boma linalonjezanso penshoni kwa asilikali akale. Msasa womaliza wa Renamo, ku Vunduzi, unatsekedwa mu Juni 2023, patadutsa zaka zoposa 30 chisainireni pangano la ku Rome.